Mayi wa mizere yoyera m'kamwa akufunsa ngati ndi khansa, ndiwayankhe chiyani?

Lachiwiri madzulo, pagulu la pa foni la ogwira ntchito zachipatala

Nangozo (wa za mano): Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni nzeru, nkhani iyi yandikulira. Kwandibwerera mayi wa zaka 54, akuti papita zaka ziwiri m'kamwa mukuwotcha akadya chilichonse cha tsabola, ngakhale tomato wa m'ndiwo. M'buku lawo la kuchipatala ndawerenga nystatin (mankhwala a mafangasi a m'kamwa) kasanu, GV kawiri, za amoxicillin ndiye ndinatopa kuwerenga. HIV ayezedwa katatu, alibe. Nditayang'ana ndapeza timizere toyera tolukanalukana ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa masaya onse awiri. Ndapukuta ndi gauze, sitikuchoka. Ine ndikuona ngati lichen planus, matenda okhalitsa a pakhungu ndi m'kamwa. Koma chandiopsa n'chakuti m'mbali mwa lilime, kumanzere, muli malo ofiira ndi kachilonda ngati njere ya chimanga, akuti katha milungu 6. Mwana wawo wamkazi wawerenga pa foni kuti matendawa amasanduka khansa, ndiye wabwera maso ali psuu. Mayiwo andifunsa mondiyang'ana m'maso, "Mwana wanga, ndi khansa kapena ayi?" Ndawauza kuti abwere mawa 8 koloko. Yankho ndilibe.

Mdala Chisale: Tisanapite patali, chithunzi mwaponyacho chotsani. Chikuoneka mphuno ndi ndolo za mwiniwake. Blantyre ndi mudzi, pagulu pano wina awazindikira.

Nangozo: Pepani madala, ndachotsa. Nachi china, cha m'kamwa mokha. Kujambulako anavomera.

Mdala Chisale: Eya. Tsopano kachilondako mwakagwira ndi chala?

Nangozo: Ndangoyang'ana ndi kagalasi.

Mdala Chisale: Ndiye kuyeza simunamalize, mwana wanga. Mawa valani golovesi, kokani lilime ndi gauze litulukire kunja, mukatsine pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mumve ngati pali pofewa ngati lilime lonse, kapena pansi pake pali nthongo yolimba. Muone ngati m'mphepete mwake mwatukuka ngati mlomo wa mphika. Kenako muime kumbuyo kwawo mufufuze mwanabere pansi pa chibwano ndi m'khosi monse. Pa zilonda za lilime maso amanama, chala sichinama kawirikawiri.

Gama CO (clinical officer): Ine ndine wa ku OPD, koonera odwala osagonekedwa, za mano ndimangobera, koma ndifunseko. Zoyera m'mbali mwa lilime kuno kwathu timayamba taganiza hairy leukoplakia, imene imabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo zoyera m'masaya timati thrush, mafangasi aja. Kuyeza HIV komaliza kunali liti? Shuga munaona?

Nangozo: Komaliza ndi miyezi 4 yapitayo. Shuga sindinaone. Koma palilimepo si poyera achimwene, ndi pofiira. Zoyerazo zili m'masaya ndipo sizipukutika.

Gama CO: Chabwino, thrush tayichotsa. Nystatin kasanu uja ndiye ndi ifeyo a ku OPD, ndavomera. Mzere wa anthu 150, wina akatsegula pakamwa n'kuona zoyera dzanja limalemba lokha. Shuga muyezebe mawa, ndi kachala kamodzi.

Tadala BDS (wophunzira udokotala wa mano): Timizere timeneti ndi Wickham striae eti? Tinauzidwa kuti dzinali ndi la dokotala wa ku France, Louis Wickham, amene anatifotokoza mu 1895. Ndipo akatswiri ogwira ntchito ndi WHO atakumana ku London mu 2005 anaika lichen planus pagulu la matenda a m'kamwa amene angathe kusanduka khansa, pamodzi ndi leukoplakia (zigamba zoyera) ndi erythroplakia (zigamba zofiira). Ndiye mwana wa mayiyo sananame kwenikweni.

Mdala Chisale: Ana a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS mwatipulumutsa, ife mabuku anadyedwa ndi chiswe. Koma mayi uja mawa sakufuna kumva za 1895.

Adokotala (a ku Queens): Ndangotuluka ku theatre, ndawerenga zonse. Nangozo, mwachita bwino kusayankha msanga. Ndiyambe ndi chiwerengero chifukwa ndi chimene chasokoneza mwanayo. Akafukufuku ataphatikiza odwala ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, zimene zimatuluka n'zakuti pa anthu 100 a lichen planus ya m'kamwa, amene amadzakhala ndi khansa ndi mmodzi, pena awiri, ndipo zimatenga zaka. Enawo amakalamba nayo mizereyo, kumangovutika ndi kuwotcha basi. Ndiye kwa mayi wa mizere yoyera yokha m'masaya onse awiri, wosamva ululu, mukhoza kulankhula mtima uli m'malo.

Vuto ndi loti mmodzi pa 100 uja sagwera aliyense mofanana. Amakonda kutuluka mwa anthu amene matendawa afiiritsa m'kamwa kapena atulutsa zilonda, amene awagwira lilime, ogwiritsa ntchito fodya, akumwa mowa, ndi a matenda a chiwindi a hepatitis C, ngakhale kuti hepatitis C kuno si yochuluka. Mayi wanuyo ali kale ndi ziwiri: kufiira ndi lilime. Ndiye chiwerengero cha gulu musachitenge n'kuchimata pa lilime lawo. Masayawo ndi nkhani ina, kachilondako ndi nkhani inanso. Chilonda cha m'kamwa chikapitirira milungu 3 osapola chimafunika kudulako kanyama kukayeza, kaya munthuyo ali ndi lichen planus kaya alibe. Ichi chatha 6.

Nangozo: Zikomo adokotala. Nanga akandifunsa kuti matendawa achokera kuti? Mwanayo akuganiza kuti anawapatsira bambo.

Adokotala: Sapatsirana, mutsindike pamenepo, anthu amasiyanitsa makapu m'nyumba chifukwa cha zimenezi. Auzeni za asilikali a m'thupi, mawu amenewo aliyense amawadziwa chifukwa cha nkhani za CD4. Apa asilikaliwo asokonezeka, akumenya khungu la m'kamwa la mwiniwake. Khungulo limawonongeka, n'kudzikonza, n'kuwonongekanso, zaka ndi zaka. Pokonza mobwerezabwereza pamenepo ndi pamene maselo ena angalakwitse. Fodya ndi kachasu zikawonjezera pamalo ovulala kale, mwathira palafini.

Chinanso cha ife tokha: ena mwa odwala amene mabuku amati lichen planus yawo inasanduka khansa, akatswiri ena amatsutsa kuti sinali lichen planus chiyambire. Inali dysplasia, maselo oyamba kusokonekera asanafike pa khansa, yovala malaya a lichen planus, munthu anangoyang'ana ndi maso n'kulemba. N'chifukwa chake biopsy, kudula kanyama kukayeza kuja, imayankha mafunso awiri: kodi ndi khansa, komanso kodi dzina tapatsa matendawa ndi loona.

Gama CO: Adokotala ndilankhuleko ngati wa kumudzi. Mayi ngati ameneyu kuti afike ku Queens ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, kuphatikiza womuperekeza. Akapita kudulidwa, abwererenso kukamva zotsatira. Bwanji Nangozo ayambe ndi prednisolone, steroid wochepetsa kutupa, wochukucha milungu iwiri, chikapola tapulumutsa ndalama ya ufa, chikapanda kupola ndiye atumize?

Adokotala: Chikanakhala cha m'tsaya, chofewa, cha masiku 10, ndikanavomera. Cha m'mbali mwa lilime cha milungu 6 ayi. M'mbali mwa lilime ndi pansi pake ndi pamene khansa ya m'kamwa imakonda kumera. Komanso steroid amazimitsa kutupa kozungulira, ululu umachepa, mayi amaona ngati wachira, sabweranso. Khansa ikakhalapo ikungokula. Ndipo wa ku labu mwamusokonezera chithunzi, chifukwa asilikali amene amafuna kuwaona pansi pa khungu mwawabalalitsa.

Mdala Chisale: Gama, chisoni chinapha nkhwali. Ndikuuzeni zanga. Kale ndili pachipatala china chakumudzi kunabwera bambo wa zaka za m'ma 60, wosuta chingambwe, chilonda m'mbali mwa lilime moyang'anizana ndi chitsa cha dzino. Ndinazula chitsacho, ndinati madala pitani, chopweteka chachoka, mubwere pakatha milungu iwiri. Ndinawamvera chisoni pa thiransipoti ngati mmene mukuchitiramu. Lilime lija sindinaligwire. Anabwera patatha miyezi 8 atanyamulidwa pa njinga, malovu akungotuluka, lilime silisuntha, m'khosi muli nthongo ngati dzira la nkhuku. Mkazi wawo anatulutsa buku n'kundionetsa dzanja langa lomwe, pamene ndinalemba kuti chilonda cha dzino. Sanandinyoze. Anangondionetsa. Mpaka lero tsamba limenelo ndimaliona.

Gama CO: Ndamva madala. Ndabweza mawu.

Sista Naphiri: Ndalowa mochedwa, ndinali ku mapemphero. Nangozo, za fodya munafunsa bwanji?

Nangozo: Ndinati mumasuta? Anati ayi, ndine wa mvano.

Sista Naphiri: Hahaha ndinadziwa. Mwafunsa funso la abambo. Amayi a msinkhu umenewo sasuta, amabwira. Fodya wopera uja amaika kuseri kwa mlomo kapena m'tsaya, ena amanunkhiza m'mphuno, ndipo kwa iwo kumeneko si kusuta, sananame. Ambiri anayamba chifukwa dzino linkawawa, wina anawauza kuti fodya amaziziritsa. Mawa mwanayo mumutume kukagula madzi kunja, mutseke chitseko, mufunse motsitsa mawu kuti amayi, kafodya kopera kaja mumagwiritsako pang'ono? Muyang'anenso pakona ya chitenje ngati pali kamfundo. Muli awiri choncho mufunsenso ngati kumusi kukuyabwa kapena kuli zilonda. Lichen planus imagwiranso kumeneko ndipo sanganene okha.

Adokotala: Sista anena zoona zokhazokha. Muonenso pakhungu, makamaka pamikono pomangira wotchi ndi pamiyendo. Pakhungu lathu timatotupa take timaoneka todera, toyabwa, osati tofiirira ngati pa zithunzi za m'mabuku a azungu. Ndipo tsegulani masamba a NCD (matenda osapatsirana monga BP ndi shuga) m'bukumo. Mankhwala ena amatulutsa mizere yofanana ndendende: HCT (hydrochlorothiazide, wa BP), enalapril, atenolol, methyldopa, ibuprofen ndi anzake, glibenclamide, ngakhale quinine. Muyang'anenso ngati pali dzino lomatidwa ndi amalgam, chitsulo chotsekera mabowo a mano, logundana ndi malo oyerawo. Za amalgam zimakhala mbali imodzi, pamene chitsulocho chikukhudza.

Lachitatu m'mawa

Nangozo: Mwadzuka bwanji nonse. Abwera, ndamaliza nawo. Ndikuuzeni mwatsatanetsatane.

Chala: kachilondako ndi kofewa, m'mphepete simunatukuke, lilime likutuluka bwinobwino. Mwanabere sindinapeze. Kukula kwake ndayeza ndi probe, kachitsulo kathu koyezera, 6 mm m'litali, 4 mm m'lifupi, malo ofiira ozungulira ngati 15 mm. Dzino la 36, lotafunira la m'munsi kumanzere, ndi lobenthuka, lakuthwa mpaka lagwira golovesi, likuyang'anizana ndi chilondacho. Amalgam palibe. Shuga ali bwino. HCT akumwa, anayamba zaka 3 zapitazo, ndiye kuti m'kamwa munayamba kuwotcha patapita pafupifupi chaka. Pamwendo pali zipsera zodera ziwiri, akuti zinkayabwa chaka chatha. Kumusi akuti kulibe vuto.

Sista, ndinu mfiti. Kamfundo kanalipo pachitenje. Kabotolo kakang'ono kamene munali mapilitsi, kodzaza. Akuti zaka zoposa 20, amaika kumanzere. Anandigwira dzanja kuti mwana wawo asamve.

Sista Naphiri: Ndakalamba nazo. Chinsinsi chawo musunge, koma musachisiye.

Gama CO: Chofewa, dzino lakuthwa lilipo, mwanabere palibe. Sindikubwezanso mkangano wadzulo, ndikungofunsa kuti ndiphunzire. Apa maganizo sakusintha?

Adokotala: Mtima wanga watsikako, koma kalata ikulembedwabe. Kufewa ndi nkhani yabwino, koma dysplasia ngakhale khansa yongoyamba kumene ikhoza kukhala yofewa. Kulimba kumabwera ikalowa pansi. Ndipo tsopano zinthu zakhala zitatu: kufiira, lilime, fodya wa mbali yomweyo. Dzinolo lipaleni lero lomwe lisalale, palibe chodikira. Chilonda chikayamba kupola asanafike kuno, tidula pamalo ofiirawo.

Mdala Chisale: Chimene ndikudikira ine n'chakuti munawauza chiyani.

Nangozo: Usiku ndinalemba papepala n'kumayeserera pa amuna anga mpaka anagona. Mwanayo atabwerera ndinawauza chonchi. Amayi, matenda a m'masayawa dzina lake ndi lichen planus. Si khansa, si edzi, simunawatenge kwa munthu ndipo simungapatsire mdzukulu ngakhale mumwere kapu imodzi. Ndi matenda okhalitsa ngati BP yanuyi, timawachepetsa mphamvu koma kuwathetseratu n'kovuta. Zimene mwana wanu wawerenga zili ndi choona chake: pa anthu 100 odwala matendawa, mmodzi kapena awiri amadzakhala ndi khansa patsogolo. N'chifukwa chake sindikusiyani, muzibwera ndizikuonani ngakhale musakumva ululu. Koma kachilonda ka palilimeka sindinganene ndi maso kuti ndi chiyani. Ndakagwira, sikakundiopsa kwambiri, mwina ndi dzinoli. Koma mwina si yankho lopatsa mayi anga. Ndikufuna akadule kanyama kochepa ngati njere ya mpunga akakaone pa makina.

Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, akadula lilime ndizilankhula? Ndinati jakisoni wa dzanzi, kusoka kuwiri kapena kutatu, tsiku lomwelo mubwerera kunyumba mukulankhula, phala mumwa. Ndiye anati, nanga si amati khansa ukaigwira ndi mpeni imalusa? Apo ndinatsamwa pang'ono. Ndinati chimene chimalusitsa ndi kuchedwa, anthu ambiri amadulidwa itakula kale ndiye mpeni umasenza mlandu.

Mdala Chisale: Mwayankha ngati munthu wamkulu. Ine pa msinkhu wanu ndikanangoti musadandaule mayi, palibe vuto. Mawu amenewo ndi amene amataya odwala.

Adokotala: Ndasangalala kuti simunanene kuti si khansa pa lilimelo, komanso simunanene kuti ndi khansa. Kalatayo mulembe momveka. Zolemba zoti "oral sores, please manage" zimamuika munthu kumapeto kwa mzere wa ozula mano. Lembani zaka, milungu 6, malo enieni, kukula mu mm, zimene chala chapeza, fodya, HCT ndi tsiku loyambira, zotsatira za HIV ndi shuga, ndipo mulembe kuti mukupempha biopsy. Nambala yanu ya foni pansi. Apite ku Dental ku Queens m'mawa, adye kaye, BP amwe monga mwa masiku onse. Padakali pano paracetamol, madzi ofunda a mchere, tsabola ndi zowawasa apumire. Ibuprofen ayi. Mankhwala otsukira mano akamawawotcha asinthe apeze osaluma, koma mswachi asasiye, nkhama zauve zimakolezera.

Tadala BDS: Funso la mwana wa sukulu. Nangozo sangadule yekha pompo n'kutumiza botolo? Zikanachepetsa ulendo umodzi.

Adokotala: Pa chilonda chokayikitsa cha lilime ndimakonda adule amene adzapitirize chithandizo, aone ndi maso ake chisanasokedwe. Lilime limatulukanso magazi, si malo ophunzirira uli wekha.

Jere wa ku Labu: Mwanditchula, ndabwera. Popeza ena pagulu pano mumadula kumene muli, ndidandauleko, osatchula malo. Mwezi watha ndinalandira kanyama m'botolo la saline (madzi a mchere), katayenda masiku 4. Kanafika kali phala. Munthu anadulidwa, anasokedwa, analipira minibasi, ine n'kulemba kuti sindingawerenge. Wina anaika mu sipiriti wa buluu. Chonde abale: formalin (mankhwala osungira kanyama kuti kasaole) wa 10%, wochuluka kuposa kanyamako ka 10, ndipo kalowe nthawi yomweyo, osati kagone pa gauze mukusoka. Formalin mulibe, musadule, funsani kaye.

Podula musalowe pakati pa chilonda, pamenepo pali zowola zokhazokha. Tengani m'mphepete, kachilonda pang'ono ndi khungu loyandikana nalo, ndipo mulowe pansi ndithu chifukwa nkhani ya lichen planus ili pamalire a khungu ndi mnofu. Kopyapyala ngati khoko la anyezi sikatiuza kanthu. Jakisoni bayani mozungulira, osati m'kati mwa chilonda. Musakafinye ndi forceps. Mukadula pawiri, tsaya ndi lilime, mabotolo akhale awiri, dzina pa botolo osati pa chivindikiro, zivindikiro zimasinthana. Ndipo pa fomu lembani mbiri. Pa microscope lichen planus ndi mizere yobwera ndi mankhwala zimafanana kwambiri, dokotala wathu sangalote kuti mayi akumwa HCT.

Mdala Chisale: Jere akalankhula za mabotolo amachita ngati mlaliki wa pa Ginnery Corner.

Jere wa ku Labu: Madala, mukanaona zimene ndimatsegula.

Gama CO: Za HCT ndisiyireni ine. Nangozo, musawauze kuti mankhwala a BP ndi amene akuwadwalitsa, akasiya okha mawa lomwe, tidzawalandira ndi stroke. Alembereni kakalata ka ku NCD kuti aone ngati angawasinthire amlodipine. Ndipo adziwe kuti ngati vuto ndi HCT, mizereyo sichoka sabata imodzi, zimatha miyezi.

Mdala Chisale: Amlodipine naye ali ndi zake, kwa ena amatupitsa nkhama, makamaka osatsuka bwino. Muwapale mano akhale oyera asanayambe.

Patapita milungu ingapo

Nangozo: Akuluakulu, mayi uja wa lilime. Zotsatira zatuluka, adokotala andiimbira dzulo. Anadula pawiri. Tsaya ndi lilime zonse zikugwirizana ndi lichen planus, dysplasia palibe, khansa palibe. Alembanso kuti za mankhwala sangazichotse pa microscope, monga ananenera a Jere. Kachilonda kanatseka patatha masiku 10 chipalire dzino, koma malo ofiira alipobe, achepa pang'ono. Mwanayo wandibweretsera nthochi phava lonse, ndakana, wazisiya pakhomo n'kuthawa.

Sista Naphiri: Ambuye alemekezeke. Nthochizo mutigawire.

Gama CO: Ndiye tikanadikira milungu iwiri ija bwenzi chitapola chokha. Ndikungonena, musandigende.

Mdala Chisale: Chilonda chapola, kufiira kulipo. Mukanadziwa bwanji kuti pansi pake palibe kanthu?

Gama CO: Sindikanadziwa. Ndakhala pansi.

Adokotala: Gama sanalakwe kufunsa, ambiri amene timawadula amatuluka chonchi, ndipo ndi zimene timafuna. Koma Nangozo, apa ndi pamene anthu amatayika. Pepala loti palibe khansa likunena za kanyama kamene tinadula tsiku limenelo basi. Mayiyu akadali m'gulu lofunika diso: zofiira, lilime, fodya. Muziwaona miyezi 3 iliyonse chaka chino. Zikakhazikika, miyezi 6. Amene ali ndi mizere yoyera yokha kamodzi pachaka n'kokwanira, koma osatsika pamenepo. Ulendo uliwonse chala, khosi, kuyeza ndi probe, chithunzi pamalo omwewo. Pakaoneka chilonda chatsopano chopitirira milungu 3, polimba, chotupa, mizere ikasanduka chigamba chokhuthala, dzanzi, kapena khutu kuwawa mbali imodzi popanda chifukwa, tidulanso, ngakhale kachitatu.

Nangozo: Mankhwala ndinawayambitsa atangodulidwa, monga munalembera. Prednisolone 5 mg kuphwanya n'kusungunula m'madzi a supuni imodzi yaikulu, kuchukucha mphindi 3, kulavula osameza, katatu patsiku, asadye kapena kumwa kwa mphindi 30. Tsiku loyamba ndinawachititsa pamaso panga pa sinki chifukwa ndinaona kuti ameza. Anamezadi. Akuti mankhwala olavula ndi kuwononga. Tinabwereza mpaka anazolowera. Pano akuti ndiwo za tomato akudya osalira.

Koma mumve izi. Sabata yachitatu abwera ndi zoyera zatsopano m'kamwa, ndapukuta ndi gauze, zachoka. Thrush yeniyeni.

Gama CO: Nystatin kachisanu ndi chimodzi! Ulendo uno ndi woyenera, lembani monyadira.

Adokotala: Zimachitika ndi steroid, n'chifukwa chake sitipereka botolo n'kutsanzika. Ululu ukatha muchepetse pang'onopang'ono mpaka kusiya, adzayambirenso zikabuka. Mizere yoyera yosawawa musalimbane nayo. Ndipo mayi asaganize kuti kuchukuchako ndi katemera wa khansa. Kumachotsa ululu ndi zilonda, koma palibe umboni woti kumachotsa chiopsezo chija. Chimene tingachotse ndi manja athu ndi kabotolo ka pachitenje.

Nangozo: Kabotoloko ndiye nkhondo. Akuti achepetsa, kanali kasanu patsiku, pano kawiri, m'mawa ndi pogona. Akuti akapanda kuika mutu umazungulira. Sindinawakalipire. Tapangana kuti choyamba kusiya ndi cha pogona, chifukwa amagona nacho m'kamwa usiku wonse.

Sista Naphiri: Mwayenda bwino. Mukawakalipira adzangokuuzani kuti ndasiya. Muwafunse kuti amagula kwa ndani ndipo amabwira ndi ndani, kawirikawiri pamakhala mnzawo wa pamsika. Ameneyonso muitaneni mumuyang'ane m'kamwa.

Tadala BDS: Nanga akapanda kubwera pa miyezi 3 mudziwa bwanji? Buku amapita nalo kunyumba.

Mdala Chisale: Funso limenelo ndi limene ndinalibe nthawi ya bambo a chingambwe aja. Chiyambire pamenepo ndimasunga hadikava yanga m'kabati, ya odwala a zoyera ndi zofiira okhaokha. Tsamba limodzi munthu mmodzi: dzina, mudzi ndi mfumu, mafoni awiri, lake ndi la wachibale, kachithunzi ka m'kamwa kojambula ndi bolopeni, tsiku lobwera. Kumbuyo kwa buku ndinalemba miyezi 12, pansi pa mwezi uliwonse maina a oyenera kubwera. Pa 1 ndimatsegula. Wosaoneka pofika pa 15 ndimamuimbira, foni ikapanda kugwira ndimatuma HSA, mlangizi wa zaumoyo wa dera lake. Muli anthu 23 panopa. Ndikapuma ntchito bukulo ndisiyira wondilowa m'malo, dzanja ndi dzanja.

Gama CO: Madala jambulani tsamba lopanda dzina mutiponyere, ndikufuna kuona mizere yake. Ndiyambitsa la ku OPD, ndiziwatumiza kwa a mano asanafike pa nystatin wachitatu.

Mdala Chisale: Mawa, buku lili ku ntchito.

Nangozo: Hadikava ndagula kale ku Limbe, mayiwo ali tsamba 1. Foni yachiwiri ndi ya mwana uja. Adokotala, andituma funso: akuti pa Khirisimasi angadyeko tsabola wa kambuzi pang'ono pa nkhuku?

Adokotala: Tsabola sabweretsa khansa, amangowotcha. Ngati m'kamwa muli bata alaweko, lilime liwauza lokha. Tsiku la kubwera kwawo likugwera liti?

Nangozo: Sabata yachiwiri ya Januwale. Ndalemba m'buku lawo, m'hadikava, ndi mu foni ya mwanayo.